Mmene mungasanthulire nambala yaikulu mpaka kudziwa mtundu wake

Nambala ikatalika, maso amangoyenda pamwamba pake. Munthu amaona 1,234,567,890 n'kungoti ndi yaikulu, basi. Komatu nambala iliyonse yathunthu, kaya ikhale ya madijiti khumi kaya zana, ili ndi chibadwa chake, ndipo chibadwacho chimabisala m'manambala a pulayimu amene anachulukitsana kuti iyo ikhalepo. Nambala ya pulayimu ndi ija imagawika ndi 1 komanso iyo yokha basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Mukawapeza mapulayimu a nambala yanu, mafunso ambiri otsala amayankhika mosavuta. Mukapanda kuwapeza, muzingolota.

Tiyenda ndi 1,234,567,890 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndaisankha chifukwa ndi yosavuta kukumbukira, komanso ili ndi malo ena ofewa ndi malo amodzi olimba kwambiri, amene ndi pophunzirira penipeni. Konzani pepala, cholembera ndi kakyuleta.

Kulemba ndi kumva kukula kwake

Ilembeni nambalayo m'magulu a madijiti atatuatatu kuyambira kumanja: 1 | 234 | 567 | 890. Magulu ndi anayi, madijiti ndi khumi. Ndiye kuti yadutsa biliyoni imodzi koma sinafike mabiliyoni awiri. Werenganinso madijiti kawiri. Zolakwa zambiri pa ntchito iyi sizichokera m'masamu ovuta ayi, zimachokera pa kukopera: dijiti imodzi yadumphidwa, kapena ziwiri zasinthana malo, ndipo munthu amatha ola lonse akusanthula nambala ina osati imene anapatsidwa.

Kuti mumve kulemera kwake, iyeseni ndi nthawi. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, mungafike pa 1,234,567,890 patatha zaka 39 ndi milungu ingapo. Makompyuta ambiri amawerengadi nthawi chotere, kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo wotchi imeneyi inafika pa nambala yathuyi pa 13 Febuluwale 2009, nthawi ili 23:31:30 pa nthawi ya UTC, imene dziko lonse limayendera poyerekeza mawotchi.

Musanapite patali, dziwani malire a makina anu. Pulogalamu ya Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala, otsalawo imawasandutsa maziro popanda kukuuzani. Mapulogalamu ena ambiri amayamba kusokoneza manambala athunthu akapitirira 9,007,199,254,740,992. Yathuyi ili m'munsi mwa malire amenewa, koma ngati yanu ndi yotalika kuposa apa, gwiritsani ntchito chida chosunga dijiti iliyonse, monga Python, imene imanyamula nambala yathunthu yotalika bwanji malinga makina ali ndi malo.

Yambani ndi kumchira

Mayeso otchipa amayamba ndiwo. Dijiti yomaliza ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambala imagawika ndi 2. Ikakhala 0 kapena 5, imagawika ndi 5. Yathu yathera 0, choncho 2 ndi 5 onse alimo, ndipo funso lakuti kodi ndi pulayimu lathera pomwepo: si pulayimu.

Za 4 onani madijiti awiri omaliza. Apa ndi 90, ndipo 90 sagawika ndi 4. Kachinthu aka kakutiuza kuti 2 alimo kamodzi kokha. Chimodzimodzi 90 sagawika ndi 25, kotero 5 nayenso alimo kamodzi. Zisungeni zimenezi, zigwira ntchito kutsogoloku.

Kenako phatikizani madijiti onse: 1 + 2 + 3 + 4 + 5 + 6 + 7 + 8 + 9 + 0 = 45. Popeza 45 amagawika ndi 9, nambala yonse imagawika ndi 9, ndiponso ndi 3. Izi si matsenga. Khumi ndi 9 kuwonjezera 1, zana ndi 99 kuwonjezera 1, chikwi ndi 999 kuwonjezera 1. Ndiye mukamagawa ndi 9, dijiti iliyonse, kaya ili pamalo a mamiliyoni, imangosiya chotsala chofanana ndi iyo yomwe.

Pali yeso limodzi limene ndimalikonda kwambiri chifukwa limagwira mapulayimu atatu nthawi imodzi. 7 × 11 × 13 = 1001. Tengani magulu atatuatatu aja kuyambira kumanja, muzichotsa ndi kuphatikiza mosinthana: 890 − 567 + 234 − 1 = 556. Tsopano m'malo molimbana ndi nambala ya madijiti khumi, mukulimbana ndi 556. Mukagawa 556 ndi 7 patsala 3, ndi 11 patsala 6, ndi 13 patsala 10. Palibe pamene patsala ziro, ndiye kuti 7, 11 ndi 13 mulibe m'nambala yathu. Zotsala zimenezi ndi zomwezo mungapeze mutagawa nambala yonse ija.

Chotsani zimene mwapeza

Tapeza 2, 5 ndi 9. Kuwachulukitsa onse ndi 90. Gawani: 1,234,567,890 ÷ 90 = 13,717,421.

Musaiwale kubwereza mayeso pa chotsalachi, chifukwa pulayimu imodzi itha kukhalamo kangapo. Madijiti a 13,717,421 akaphatikizidwa ndi 26, ndipo 26 sagawika ndi 3. Ndiye 3 watha, analimo kawiri basi. Pofika pano tikudziwa kuti nambala yathu ndi 2 × 3 × 3 × 5 × 13,717,421.

Pamene pali ntchito yeniyeni

Kodi 13,717,421 ndi pulayimu, kapena muli ena obisala? Kuiyang'ana sikungakuuzeni kanthu. Ndi yosagawika ndi 2, 3, 5, 7, 11 ngakhale 13, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatopa n'kulemba kuti ndi pulayimu. Musatero. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choyamba dziwani pofikira. Ngati nambala ili ndi mafakitala awiri, kutanthauza manambala awiri amene akachulukitsana amapereka iyo, mmodzi wa iwo sangapose sikweya ruti yake (nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka nambalayo), chifukwa onse awiri atakhala aakulu kuposa pamenepo, kuchulukitsana kwawo kungadutse nambalayo. Sikweya ruti ya 13,717,421 ili pakati pa 3,703 ndi 3,704. Choncho simufunika kuyesa manambala mamiliyoni, mungoyesa mapulayimu osapitirira 3,703. Njira iyi, yogawa ndi pulayimu iliyonse motsatana, 17, 19, 23, 29 mpaka mtsogolo, ndi yodalirika ndipo siinama. Vuto lake ndi kutalika. Pa nambala iyi mungagawe pafupifupi ka 500 musanapeze kanthu. Kompyuta imachita zimenezi m'kuphethira kwa diso, koma ndi cholembera ndi ntchito ya masiku.

Pierre de Fermat, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600, anali ndi njira ina yoyambira kumapeto enawo. Maganizo ake ndi awa: sikweya imodzi (yankho la nambala yodzichulukitsa yokha, monga 9 kapena 100) mukaichotsa ku inzake, yankho limasweka lokha pawiri. Mwachitsanzo 100 − 9 = 91, ndipo 100 ndi 10 × 10, 9 ndi 3 × 3, choncho 91 = (10 − 3) × (10 + 3) = 7 × 13. Ndiye ntchito ndi kufunafuna sikweya yoposa nambala yanu pang'ono, yakuti mukachotsapo nambala yanuyo chotsala chikhalenso sikweya.

Yambani ndi nambala yoyamba yodutsa sikweya ruti, 3,704.

3,704 × 3,704 = 13,719,616. Chotsanipo 13,717,421, patsala 2,195. Kodi ndi sikweya? Simufunika kakyuleta apa. Sikweya yothera 5 nthawi zonse imathera 25, ndipo iyi yathera 95. Ayi.

Kwerani sitepe imodzi. 3,705 × 3,705 = 13,727,025. Chotsanipo 13,717,421, patsala 9,604. Ndipo 98 × 98 = 9,604.

Taonani. Pa kuyesa kwachiwiri kokha, nambala ija yasweka: 3,705 − 98 = 3,607, ndipo 3,705 + 98 = 3,803. Ndiye 13,717,421 = 3,607 × 3,803. Ntchito imene ikanafuna kugawa pafupifupi ka 500 yatha ndi mizere iwiri.

Ndiyenera kunena zoona pa njira iyi kuti musaikhulupirire mopitirira. Yathamanga chonchi chifukwa mafakitala awiriwo ndi oyandikana, onse ali pafupi ndi sikweya ruti. Akanakhala otalikirana, mmodzi wamng'ono wina wamkulu zedi, njira ya Fermat ikanakuyendetsani mtunda wautali kuposa kugawa kuja. N'chifukwa chake mwanzeru ndi kugwiritsa zonse ziwiri: gawani ndi mapulayimu ang'onoang'ono kwa kanthawi, kenako yesani Fermat kakhumi kapena makumi awiri. Imodzi imasaka kuchokera pansi, ina kuchokera pakati. Pa njira ya Fermat kumbukiraninso kuti sikweya simathera 2, 3, 7 kapena 8, ndiye zotsala zambiri mumazitaya mwa kungoona dijiti yomaliza.

Tsimikizani musanapitirire

Mafakitala awiri tapezawa ayenera kuyesedwanso. Za 3,607, sikweya ruti yake yangodutsa 60 pang'ono, choncho mapulayimu oyesa ndi 17 okha, kuyambira 2 mpaka 59. Palibe amene amaigawa popanda chotsala. Za 3,803 mufika mpaka 61, ndipo nayonso siigawika. Onse awiri ndi mapulayimu. Chitani nokha kugawaku, musangondikhulupirira, ndi mphindi zochepa pa kakyuleta.

Pali kayeso kena kachangu koonera ngati kuchulukitsa kwanu kuli bwino. Phatikizani madijiti mpaka patsale dijiti imodzi. 3,607 ipereka 16, kenako 7. 3,803 ipereka 14, kenako 5. 7 × 5 = 35, ndipo 3 + 5 = 8. Nayo 13,717,421 inapereka 26, ndipo 2 + 6 = 8. Zagwirizana. Zikasiyana, mwalakwitsa penapake ndithu. Zikagwirizana, ndi chizindikiro chabwino koma si umboni wathunthu, chifukwa kayeso aka sikaona madijiti awiri akasinthana malo.

Tsopano lembani mzere uwu pooneka bwino, ndiwo mutu wa zonse:

1,234,567,890 = 2 × 3² × 5 × 3,607 × 3,803

Palibe njira ina yoiswera nambala iyi kukhala mapulayimu. Aliyense amene angaisanthule molondola, kulikonse ndi nthawi iliyonse, adzapeza omwewa.

Kukolola

Ili ndi mafakitala angati onse pamodzi? Simufunika kuwalemba m'ndandanda. Onani kuti pulayimu iliyonse ilimo kangati, wonjezerani 1, kenako chulukitsani. 2 alimo kamodzi, ndiye 2. 3 alimo kawiri, ndiye 3. Otsala atatuwo kamodzikamodzi, ndiye 2, 2 ndi 2. 2 × 3 × 2 × 2 × 2 = 48. Chifukwa chake n'chakuti popanga fakitala mumasankha pa pulayimu iliyonse: 3 mutha kumusiya, kumutenga kamodzi kapena kawiri, zomwe ndi njira zitatu, ndipo enawo mutha kungowatenga kapena kuwasiya. Mafakitala 48, kuwerengera 1 ndi nambala yeniyeniyo.

Nanga mafakitala onsewo akaphatikizidwa amakwana zingati? Apanso pali chidule. Pa pulayimu iliyonse phatikizani 1 ndi iyo, ndi mapawa ake (iyo yodzichulukitsa yokha, monga 3 × 3) ngati ilimo kangapo. Za 2 ndi 1 + 2 = 3. Za 3 ndi 1 + 3 + 9 = 13. Za 5 ndi 6. Za awiri aakuluwo ndi 3,608 ndi 3,804. Chulukitsani zonse: 3 × 13 × 6 × 3,608 × 3,804 = 3,211,610,688. Chotsanipo nambala yeniyeniyo kuti patsale mafakitala ake aang'ono okha, mupeza 1,977,042,798.

Apa ndi pamene nambala imalowa m'gulu limodzi mwa magulu atatu akalekale, amene Nicomachus wa ku Gerasa anawafotokoza cha m'ma 100 AD. Mafakitala aang'ono akaphatikizidwa n'kuperewera pa nambalayo, imatchedwa yoperewera, monga 10, amene ake 1, 2 ndi 5 amangokwana 8. Akakwana ndendende, imatchedwa yangwiro, monga 6, 28, 496 ndi 8,128. Akapitirira, imatchedwa yosefukira, ndipo yoyamba yotere ndi 12. Yathu ndi yosefukira, popeza 1,977,042,798 waposa 1,234,567,890. Tikanatha kudziwa izi kale popanda kuwerengera konseku: nambala iliyonse yogawika ndi 6, kupatula 6 mwiniyo, ndi yosefukira. Theka lake, gawo limodzi la magawo atatu ndi limodzi la magawo asanu ndi limodzi zimakwana kale nambala yonse, ndiye kungowonjezera 1 yasefukira.

Kodi ndi sikweya? Mu sikweya pulayimu iliyonse imakhalamo kawiri, kanayi, kasanu n'kamodzi, osati kamodzi kapena katatu. Yathu ili ndi 2 kamodzi, ndiye si sikweya. Ili pakati pa 35,136² amene ndi 1,234,538,496 ndi 35,137² amene ndi 1,234,608,769. Chidule china: nambala ili ndi mafakitala osagawika pawiri kuchuluka kwake pokhapokha ikakhala sikweya, ndipo 48 amagawika pawiri.

Funso lotsatira limaonetsa bwino mphamvu ya mzere uja. Kodi nambala iyi ingalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizana, monga 25 = 9 + 16? Mukati muyese m'modzim'modzi, mungayese masikweya zikwi makumi awiri ndi kuposa. Koma lamulo lake ndi lalifupi. Yang'anani mapulayimu amene akagawidwa ndi 4 amasiya 3. Aliyense wotere ayenera kukhalamo kawiri, kanayi kapena kotero. 3 ndi wotere, ndipo alimo kawiri, palibe vuto. Koma 3,607 akagawidwa ndi 4 amasiya 3, ndipo alimo kamodzi. Basi yankho ndi ayi, ndipo ndi ayi wotsimikizika. Ndi masikweya anayi ndiye zingatheke ndithu, chifukwa Joseph-Louis Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti nambala yathunthu iliyonse ingalembedwe ndi masikweya osapitirira anayi.

Mungafunenso kudziwa kuti ndi manambala angati m'munsi mwake amene sagawana nayo fakitala ina kupatula 1. Uku ndi kuwerengera kwa Leonhard Euler. Pa pulayimu imene ilimo kamodzi, chotsani 1: mupeza 1, 4, 3,606 ndi 3,802. Pa 3² ndi 9 − 3 = 6. Kuchulukitsa zonse ndi 329,040,288.

Za manambala a thirayango, aja amapangidwa pophatikiza 1 + 2 + 3 motsatana monga 6, 10 ndi 15, chulukitsani nambala yanu ndi 8, wonjezerani 1, muone ngati ndi sikweya. Apa mupeza 9,876,543,121, imene ili pakati pa 99,380² ndi 99,381². Si ya thirayango.

Magulu a chovala ndi magulu a thupi

Pali magulu ena amene amachokera pa maonekedwe a madijiti. Yathu ili ndi dijiti iliyonse kuyambira 0 mpaka 9, ndipo zotere amazitcha pandigital. Imagawikanso ndi kuphatikiza kwa madijiti ake: 1,234,567,890 ÷ 45 = 27,434,842. Zotere D. R. Kaprekar wa ku India anazitcha harshad. Palinso zowerengeka chimodzimodzi kuyambira kumanja kapena kumanzere, monga 12,321, ndipo yathu siili m'gulu limenelo.

Magulu awa ndi osangalatsa, ndipo ine ndimawalemba. Koma muziwalemba padera, chifukwa ndi a chovala, si a thupi. Amadalira pa chizolowezi chathu chowerenga m'makumi. Nambala yomweyi mukailemba mmene kompyuta imaisungira, ndi ziro ndi wani basi, imakhala 1001001100101100000001011010010, madijiti 31, ndipo kukongola kuja kwa 1, 2, 3, 4 kwasowa. Mu hexadecimal, kalembedwe kowerenga m'magulu a 16, ndi 499602D2. Koma ilembeni mulimonse, mapulayimu ake akhala omwewo, mafakitala akhala 48, ndipo ikhalabe yosefukira.

Madijiti 31 amenewo ali ndi tanthauzo lake pa makompyuta. Nambala yaikulu kwambiri imene imakwana m'malo a mabiti 32 (biti ndi dijiti imodzi ya ziro kapena wani), imodzi itasungidwa kuti isonyeze ngati nambala ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndi 2,147,483,647. Yathu ikukwanamo. Wotchi ija yowerenga masekondi kuyambira 1970 idzafika pa malire amenewa pa 19 Januwale 2038, ndipo n'chifukwa chake makina akale akusinthidwa kuti azisunga nthawi m'mabiti 64. Nambala ya malireyo ndi 2³¹ − 1, ndipo Euler anatsimikiza mu 1772 kuti ndi pulayimu.

Nambala ikakula kupitirira pepala

Zonse tachitazi zimatheka pa madijiti khumi. Pa madijiti makumi asanu, kugawa ndi pulayimu iliyonse sikungathe ngakhale pa kompyuta yothamanga. Apa mafunso awiri amene amaoneka ngati amodzi amasiyana njira. Kudziwa ngati nambala ndi pulayimu n'kosavuta. Kupeza mafakitala ake n'kovuta zedi.

Pa funso loyamba, yambani ndi lamulo limene Fermat analemba mu 1640. Ngati p ndi pulayimu yoposa 2, ndiye 2 akachulukitsidwa yekha maulendo p − 1, yankho likagawidwa ndi p limasiya 1. Yesani ndi 7: 2⁶ = 64, ndipo 64 ÷ 7 amasiya 1. Pa nambala yaikulu simuwerengera yankho lonse ayi, mumachulukitsa n'kumasunga chotsala chokha pa sitepe iliyonse. Mu Python mumangolemba pow(2, n − 1, n). Yankho likakhala lina osati 1, nambala yanu si pulayimu, ndipo palibe kukayika, ngakhale simunaone fakitala ndi imodzi yomwe.

Yankho likakhala 1, musafulumire. 341 ndi 11 × 31, koma imadutsa yeso ili ngati pulayimu. Mukasintha 2 n'kuikapo 3, imagwidwa. Palinso zina zouma mutu kuposa pamenepo, zotchedwa manambala a Carmichael, zimene zimadutsa ndi nambala iliyonse yosagawana nazo fakitala. Yoyamba ndi 561, imene ndi 3 × 11 × 17. Pa chifukwa ichi mapulogalamu amakono amagwiritsa yeso lolimbirapo la Miller ndi Rabin, ndipo amalibwereza kambiri ndi manambala osiyanasiyana. Nambala yosakhala pulayimu ili ndi mwayi wosapitirira umodzi pa inayi wodutsa ulendo umodzi, choncho pobwereza kambiri mwayiwo umachepa mpaka kutsala pang'ono kutha. Komabe mukalemba zotsatira, siyanitsani mawu: "yadutsa mayeso" ndi "yatsimikizika" si chinthu chimodzi. Njira zotsimikiziratu zilipo, ndipo imodzi yodziwika ndi AKS, imene akatswiri atatu a ku Kanpur ku India anaitulutsa mu 2002.

Kusiyanitsa kumeneku si nkhani yaing'ono. Fermat mwiniwakeyo anaona kuti 3, 5, 17, 257 ndi 65,537 onse ndi mapulayimu, ndipo anakhulupirira kuti wotsatira m'ndondomekoyo, 4,294,967,297, nayenso ndi pulayimu. Mu 1732 Euler anasonyeza kuti ndi 641 × 6,700,417. Zitsanzo zisanu zolondola sizinatsimikize chachisanu ndi chimodzi.

Pa funso lachiwiri, lopeza mafakitala, konzekerani kuti nthawi zina mulephera, ndipo si manyazi. Édouard Lucas anadziwa mu 1876 kuti 2⁶⁷ − 1 si pulayimu, koma mafakitala ake anadzaonekera mu 1903, pamene Frank Nelson Cole anasonyeza ku New York kuti ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Masiku ano pulogalamu yaulere ya PARI/GP imaswa nambala imeneyi nthawi yomweyo mukalemba factor. Koma malire angosuntha, sanachoke. Nambala ya madijiti 250 yotchedwa RSA-250 inaswedwa mu 2020 ndi gulu la akatswiri ogwiritsa makompyuta ochuluka, ndipo makiyi a RSA otetezera uthenga pa intaneti, a mabiti 2,048, amakhala ndi madijiti oposa 600. Chitetezo chake chagona pa kuvuta komweku. Opanga makiyiwo amapewa mapulayimu awiri oyandikana, chifukwa cha njira ija inaswa 13,717,421 pa kuyesa kwachiwiri.

Ngati nambala yanu yabwera yolembedwa mwa pawa, monga 2 kuchulukitsidwa yekha maulendo ambirimbiri, mutha kudziwa kutalika kwake popanda kuilemba. Chulukitsani pawayo ndi logarithm ya 2, imene ndi pafupifupi 0.30103, tayani za kuseri kwa kadontho, wonjezerani 1. Pa 2⁶⁷ ndi 67 × 0.30103 = 20.17, ndiye madijiti 21. Koma samalani ndi kudula 0.30103 pa mapawa aakulu. Mu Okutobala 2024 Luke Durant, kudzera mu GIMPS, ntchito yosaka mapulayimu aakulu ndi makompyuta a anthu odzipereka, anapeza pulayimu 2^136,279,841 − 1. Mukagwiritsa 0.30103 mupeza madijiti 41,024,321, zomwe zalakwika ndi dijiti imodzi. Mukagwiritsa 0.30102999566 mupeza 41,024,320, ndipo ndiyo yolondola. Mapulayimu a mtundu uwu, wa 2 pawa wina kuchotsa 1, amatchedwa a Mersenne, ndipo ali ndi yeso lawolawo lachangu la Lucas ndi Lehmer, n'chifukwa chake mapulayimu aakulu kwambiri odziwika amakonda kukhala a banja limeneli. Ngati yanu ili ya mtundu umenewu, yambani ndi kuona pawayo: ikakhala kuti si pulayimu, nambala yonse si pulayimu.

Kuti dzanja lizolowere, tengani nambala imene Fermat mwiniwake anasonyezerapo njira yake: 2,027,651,281. Yesani kaye mayeso a kumchira, a kuphatikiza madijiti ndi a 1001, muone kuti onse abwerera opanda kanthu. Kenako yambani pa 45,030, muzikwera imodziimodzi, mukutaya zotsala zothera 2, 3, 7 ndi 8. Pa kuyesa kwa nambala 12 mupeza chotsala chothera maziro awiri chimene ndi sikweya, ndipo mafakitala awiri a madijiti asanuasanu atulukira pamenepo. Mukawapeza, ayeseni ngati ndi mapulayimu, pofikira pake ndi pa 211, kenako muwerengere mafakitala onse ndi gulu lake mmene tachitira ndi yoyamba ija.